Maufumu Okalamba a ku Nyenyezi: Mbiri ya Mwambo Wina wa Nthano Zasayansi

Nthano zasayansi, zomwe ndi nkhani zopeka zofotokoza moyo wa anthu m'tsogolo kapena pa mayiko ena a m'mlengalenga molingana ndi zimene sayansi ingadzabweretse, zimatchuka ndi makina atsopano ndi maulendo opita ku nyenyezi, kotero munthu angayembekezere kuti tsogolo la m'nthanozi lizikhala lowala ndi lachangu pa zochita zake zonse. Komabe kuyambira m'zaka za m'ma 1940 alembi ambiri akhala akubwerera ku chithunzi cha ufumu waukulu wolamulira mayiko mamiliyoni, wokalamba ndi wotopa, umene mphamvu zake zenizeni zili m'manja mwa makalaliki, okhometsa msonkho ndi osunga mafayilo, ndipo umene ukugwa pang'onopang'ono anthu a ku likulu osazindikira. Mwambo umenewu uli ndi mbiri yolondoleka bwino, ndipo mbiriyo imasonyeza kuti chimene chimakoka owerenga chakhala chikusintha. Poyamba chinali chisoni cha munthu wa ku likulu amene akuona ulemerero wa kwawo ukutha, koma m'kupita kwa zaka chinasanduka mantha ndi mkwiyo wa munthu wa kumalire amene moyo wake umagamulidwa ndi ofesi imene sadzapondamo phazi.

Gwero la mwambowu ndi buku la mbiri yakale la Edward Gibbon, Mngelezi amene analemba The History of the Decline and Fall of the Roman Empire, ntchito ya zigawo 6 yofotokoza kufooka ndi kugwa kwa ufumu wa Roma, yomwe inatuluka pakati pa 1776 ndi 1788. Gibbon anayambira nkhani yake pa nyengo ya mtendere ya m'zaka za m'ma 100 Khristu atabadwa, n'kuitsiriza ndi kulandidwa kwa mzinda wa Constantinople mu 1453, kutanthauza kuti kugwa kumene ankafotokoza kunatenga zaka zoposa 1,200. Mfundo imeneyi ndiyo inadzapindulitsa kwambiri alembi a nthano, pakuti inasonyeza kuti ufumu ungathe kumafa kwa mibadwo yambirimbiri uku maofesi ake akutsegulidwa m'mawa uliwonse, misonkho ikutoleredwa, ndipo maudindo akugawidwa ndi mwambo wonse. Umboni wa zimenezi ndi chikalata chotchedwa Notitia Dignitatum, chomwe ndi ndandanda ya maudindo a boma ndi magulu a asilikali a Roma pamodzi ndi zizindikiro zojambulidwa za maofesiwo, ndipo mbali yake yonena za kumadzulo inkakonzedwabe cha m'ma 420, mzinda wa Roma utafunkhidwa kale ndi asilikali a Alaric mu 410. Gibbon mwiniwake ankawadziwa maofesi kuchokera m'kati, chifukwa anali phungu wa nyumba ya malamulo ndipo kuyambira 1779 anali ndi mpando mu Board of Trade, bungwe loyang'anira zamalonda ndi madera olamulidwa ndi Britain kutsidya kwa nyanja, limene linathetsedwa mu 1782 aphungu ena atadandaula kuti limadya ndalama popanda ntchito yooneka. Chigawo choyamba cha buku lake chinatuluka m'chaka chomwe madera a ku America analengeza kuti achoka pansi pa Britain, choncho owerenga ake oyamba ankawerenga za Roma uku akuganiza za dziko lawo.

Chimene chikutchedwa pano ulamuliro wa m'maofesi chinafotokozedwa bwino ndi Max Weber, katswiri wa ku Germany wa za chikhalidwe cha anthu amene anamwalira mu 1920. Ndi kayendetsedwe ka boma kodalira antchito olembedwa ntchito ndi kulandira malipiro, aliyense ali ndi malire a udindo wake ndiponso bwana wake, ndipo chigamulo chilichonse chimatsata malamulo olembedwa n'kusungidwa m'mafayilo. Weber ankaona kuti palibe njira ina yoposa imeneyi poyendetsa dziko lalikulu, koma anachenjezanso kuti ikakhazikika imavuta kwambiri kuigwetsa, popeza aliyense wolanda boma amafunabe makalaliki omwewo. Mmene zimamvekera kwa munthu wamba woima kunja kwa chitseko zinalembedwa ndi Franz Kafka, amene anagwira ntchito ku Prague mu ofesi ya inshuwalansi ya antchito ovulala kuyambira 1908 mpaka 1922, zaka zake khumi zoyamba zili pansi pa ufumu wa Austria-Hungary umene unatha mu 1918.

Amene anasamutsira ufumu wa Gibbon ku nyenyezi ndi Isaac Asimov, amene anabadwira ku Russia mu 1920 n'kukulira ku Brooklyn mumzinda wa New York. Mu Ogasiti 1941, ali ndi zaka 21 ndipo akuphunzira za sayansi pa yunivesite ya Columbia, anakapereka kwa John W. Campbell, mkonzi wa magazini ya Astounding Science-Fiction, ganizo lolemba za kugwa kwa ufumu wolamulira mlalang'amba wonse, ndiye kuti khamu lalikulu la nyenyezi limene dzuwa ndi imodzi mwa izo, ndipo sanabise kuti anatengera Gibbon, amene buku lake anali ataliwerenga kawiri. Nkhani yoyamba inatuluka mu Meyi 1942, zina zinatsatira mpaka 1950, kenako zinasonkhanitsidwa m'mabuku atatu, Foundation mu 1951, Foundation and Empire mu 1952 ndi Second Foundation mu 1953. Ufumu wa m'mabukuwa wakhala zaka 12,000 ndipo uli ndi mapulaneti okhalamo anthu pafupifupi 25 miliyoni, koma chimene owerenga sachiiwala ndi likulu lake, Trantor, pulaneti lokutidwa lonse ndi zitsulo, lokhala ndi anthu opitirira 40 biliyoni amene pafupifupi onse amagwira ntchito zoyendetsa boma, ndipo limene silingathe kudzidyetsa lokha, kotero zombo zikwizikwi zimatera tsiku lililonse ndi chakudya chochokera ku mapulaneti 20 a ulimi. Apa Asimov anapeza njira yosonyezera kukula kumene maganizo a munthu sangakufikire, pakuti nyenyezi mamiliyoni ndi nambala chabe imene sikhudza mtima wa wowerenga, pamene dziko lathunthu la makalaliki oyankha makalata a nyenyezizo ndi chinthu chimene aliyense amene anaimapo pamzere pa ofesi ya boma angachiyerekezere.

Nkhaniyo imayamba ndi Hari Seldon, katswiri wa masamu amene watulukira sayansi yopeka yotchedwa psychohistory, yomwe imalosera zochita za anthu ochuluka zedi ngakhale singalosere za munthu mmodzi. Masamu ake akumuonetsa kuti ufumu ugwa ndithu ndipo padzatsatira zaka 30,000 za chisokonezo, koma nyengoyo ingafupikitsidwe kufika pa zaka 1,000 ngati nzeru za anthu zitasungidwa pa Terminus, pulaneti laling'ono la kumalekezero kwa mlalang'amba. Mphamvu ya mabukuwa ili m'tizinthu ting'onoting'ono timene Asimov anasonyezera kuvunda kwa ufumuwo. Nduna yaikulu yotchedwa Lord Dorwin ikufika ku Terminus n'kulankhula masiku asanu mawu olimbitsa mtima, koma mawuwo atasefedwa mosamala akupezeka kuti mulibe lonjezo ngakhale limodzi, ndipo nduna yomweyo, yomwe imadzitcha wofufuza zinthu zakale, imaona kuti kuyerekezera zimene alembi akale analemba n'kokwanira ndipo palibe chifukwa chopitira kukafukula pansi. Pa pulaneti la Siwenna makina opanga magetsi akuyang'aniridwa ndi amisiri amene udindowo anaulandira kwa makolo awo, amene amadziwa kuwasamalira koma sangathe kuwakonza atawonongeka. Mkulu wa asilikali wanzeru, Bel Riose, amene Asimov anamuumba potengera Belisarius, kazembe wa mfumu Justinian, akuitanidwa kubwerera kunyumba n'kuphedwa ali pafupi kupambana, chifukwa mu ufumu wotere kazembe wopambana ndi woopsa kwa mfumu kuposa mdani, ndipo anthu awiri amene apita ku Trantor kuti akaonane ndi mfumuyo akutha milungu akupereka ziphuphu kwa kalaliki ndi kalaliki osafika pakhomo pake. Ndime zimenezi ndizo zabwino koposa m'mabukuwa, chifukwa zimasonyeza kuti kufooka kumayamba pamene anthu asiya kuona zinthu ndi maso awo n'kuyamba kukhulupirira pepala.

Pali chinthu chimodzi, komabe, chimene Asimov anachilandira kwa Gibbon osachifunsa, ndicho chikhulupiriro chakuti ufumu ukatha chimatsatira ndi mdima, ndipo ntchito ya anthu anzeru ndi kufulumizitsa kubwera kwa ufumu wachiwiri. Anthu olamulidwa, amene chakudya chawo chimakwezedwa m'zombo zopita ku Trantor, samveka kawirikawiri m'mabukuwa. Akatswiri a mbiri yakale nawonso anadzayamba kukayikira chithunzi cha mdimacho, makamaka Peter Brown atatulutsa The World of Late Antiquity mu 1971, mmene anasonyeza kuti zaka zimene Gibbon ankaziona ngati zakufa zinali zodzaza ndi zipembedzo, luso ndi maulamuliro atsopano.

Chifukwa china chimene ufumu wotere umakomera alembi ndi mtunda, ndipo pa ichi chitsanzo chenicheni chikuchokera ku Spain. Philip II, amene analamulira kuyambira 1556 mpaka 1598, ankatha maola ambiri akuwerenga yekha zikalata za boma ndi kulemba ndemanga m'mphepete mwake, koma kalata yochokera ku Manila inkayenera kuwoloka nyanja ya Pacific kufika ku Acapulco, kudutsa dziko la Mexico, n'kuwolokanso nyanja ya Atlantic, ulendo wa chaka chathunthu kapena kuposerapo, moti yankho linkafika zinthu zitasintha kale. Akuluakulu a boma la Spain ku America anali ndi mwambo wovomerezeka wolandira lamulo la mfumu ndi ulemu wonse uku akulengeza kuti salichita kufikira mfumuyo itamva bwino mmene zinthu zilili kumeneko. Mpata umenewu, wa pakati pa lamulo lolembedwa ku likulu ndi zochitika kumalire, ndiwo malo amene nthano imakhalamo, popeza ufumu wachangu ndi woona zonse sungasiyire amalonda, othawa nkhondo ndi ozembetsa katundu malo ochitira kanthu. Marc Miller anazindikira zimenezi pokonza Traveller mu 1977, masewera a patebulo amene osewera amatenga malo a anthu a m'nkhani, ndipo anakhazikitsa lamulo lakuti palibe uthenga umene ungathamange kuposa chombo, ndiponso kuti kulumpha kulikonse kuchoka pa nyenyezi ina kufika pa ina kumatenga pafupifupi mlungu umodzi. Chotsatira chake n'chakuti mawu a mfumu amafika kumalire patapita miyezi yambiri, ndipo ulamuliro weniweni umagwera nduna za m'madera. Poul Anderson anagwiritsa ntchito mpata womwewo m'njira yachisoni kudzera mwa Dominic Flandry, kazitape wa ufumu wa dziko lapansi amene anayamba kuoneka mu 1951, munthu wodziwa bwino kuti ufumu umene akuutumikira wavunda, koma amene akuutchinjirizabe kuti usiku wautali umene ukubwera uchedwe ndi m'badwo umodzi.

Buku la Dune la Frank Herbert, lomwe linatuluka mu 1965, linaonjezera mfundo yakuti ufumu wokalamba umaima chifukwa magulu ake amphamvu amaopana. Mfumu Shaddam IV ili ndi asilikali oopsa, mabanja a mafumu aang'ono ali ndi bwalo lawo, ndipo bungwe la oyendetsa zombo ndilo lokha lingathe kunyamula anthu pakati pa nyenyezi, koma onsewa amadalira mankhwala amodzi opezeka pa pulaneti limodzi la chipululu, Arrakis, limene eni ake, Afremen, boma silinavutikepo n'kuwawerenga bwino. Mafilimu a Star Wars anafikitsa chithunzichi kwa anthu ochuluka kuposa amene anawerengapo Asimov. Mu filimu yoyamba ya mu 1977, akuluakulu a asilikali atauzidwa kuti nyumba ya malamulo yathetsedwa, mmodzi wa iwo akufunsa mmene mfumu idzalamulire popanda maofesi a boma, ndipo filimu ya mu 1999, The Phantom Menace, imayamba ndi mkangano wa msonkho wa njira zamalonda n'kusonyeza mfumukazi Amidala ikudandaula kuti dziko lake lalandidwa, pamene nyumba ya malamulo ikuganiza zotumiza kaye komiti kuti ikafufuze. Likulu la boma la m'mafilimuwa, Coruscant, ndi pulaneti lomwe lonse ndi mzinda umodzi, monga Trantor.

Kuti chithunzichi chinafika pachimake ku Britain sizodabwitsa, chifukwa kumeneko anthu anaona ndi maso ufumu wawo ukuchepa maofesi ake akukula. Mu 1955 katswiri wa mbiri C. Northcote Parkinson, amene panthawiyo ankaphunzitsa pa yunivesite ya Malaya ku Singapore, analemba m'magazini ya The Economist kuti chiwerengero cha antchito a boma chimakwera posatengera kuchuluka kwa ntchito. Anasonyeza kuti pakati pa 1914 ndi 1928 zombo zikuluzikulu za nkhondo za Britain zinatsika kuchoka pa 62 kufika pa 20, pamene akuluakulu a m'maofesi oyang'anira zombozo anakwera kuchoka pa 2,000 kufika pa 3,569, ndiponso kuti Colonial Office, ofesi ya ku London yoyang'anira madera a atsamunda, inali ndi antchito 372 mu 1935 koma 1,661 mu 1954. M'badwo umene unakula ufumuwo utatha ndiwo unapanga Warhammer 40,000, masewera a nkhondo oseweredwa ndi tizidole patebulo, amene kampani ya Games Workshop inawatulutsa mu 1987, mlembi wake wamkulu ali Rick Priestley. Mu ufumu wa m'masewerawa, wokhala ndi mapulaneti miliyoni, mfumu yakhala zaka 10,000 pampando wagolide umene ndi makina oisunga kuti isatsirizike, siilankhula ndipo siiyenda, ndipo anthu 1,000 amaperekedwa nsembe tsiku lililonse kuti mpandowo usazime. Zili ngati mudzi umene mfumu yake inamwalira koma nduna sizinalengeze maliro, ndipo milandu ikuweruzidwabe m'dzina lake. Ofesi yaikulu yotchedwa Administratum imawerengera msonkho wa anthu ndi katundu umene pulaneti lililonse liyenera kupereka, ndipo ndi yaikulu kotero kuti pempho la thandizo lingathe kuyankhidwa opemphawo atafa kalekale, pamene amisiri asanduka ansembe amene amafukiza lubani ndi kupemphera kwa makina amene sakuwamvetsanso. Amisiri a ku Siwenna a Asimov afika pano pa mapeto a njira yawo. Chithunzichi chili ndi ngozi yake, chifukwa ulemerero wa zovala, mbendera ndi nyumba zazitali ungakope munthu mpaka kuiwala kuti akuonetsedwa chinthu choipa, ndipo mu Novembala 2021 kampaniyo inakakamizika kutulutsa chikalata chokumbutsa osewera kuti ufumuwo unalembedwa monga chenjezo, ndiponso kuti magulu a chidani salandiridwa pa masewera ake.

Owerenga a m'mayiko amene analamulidwapo ndi atsamunda amafika pa nthanozi ndi chikumbumtima china. Dziko la Nyasaland linali limodzi mwa madera amene mafayilo awo ankasungidwa mu Colonial Office imene Parkinson anawerenga antchito ake, ndipo kwa munthu wa kumudzi ufumuwo unkaoneka mwa msonkho wa nyumba, mwa mesenjala wa bwanamkubwa wa boma laling'ono ndi mwa zigamulo zopangidwa ku Zomba ndi ku London, monga chija chokhazikitsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 anthu akuda ambiri atachikana poyera. Kwa munthu wotere kutha kwa ufumu sikungatchedwe chiyambi cha mdima, ndipo n'zochititsa chidwi kuti nthano zasayansi za zaka zaposachedwa zayamba kuimirira pamene iye anaima. Arkady Martine, katswiri wa mbiri ya ufumu wa Byzantium amene anafufuza za ubale wake ndi anthu a ku Armenia, anatulutsa A Memory Called Empire mu 2019, buku limene linapata mphoto ya Hugo mu 2020. Mwini nkhani ndi Mahit Dzmare, kazembe wa malo aang'ono a m'mlengalenga otchedwa Lsel, amene watumidwa ku likulu la ufumu wa Teixcalaan, ndipo vuto lake n'lakuti anakula akukonda chilankhulo ndi ndakatulo za ufumu womwe ukufuna kumeza kwawo, uku akudziwa kuti anthu a ku likuluwo sadzamuona konse ngati mmodzi wa iwo. Bukuli limayankha moona mtima funso limene Asimov sanalifunse, la chifukwa chimene ufumu umakopera ngakhale anthu amene ukuwapondereza.

Sewero la pa kanema la Andor, limene Tony Gilroy analiyambitsa mu 2022 m'dziko la Star Wars, linalowa m'maofesi enieniwo. Mbali yaikulu ya nkhani yake imachitikira m'misonkhano ya nthambi ya zachitetezo, mmene akuluakulu amakanganirana malire a madera awo ndipo mkulu wina, Dedra Meero, amadzudzulidwa chifukwa chofufuza nkhani ya m'dera la mnzake ngakhale kuti akuona zoona, komanso m'holo yaikulu ya makalaliki kumene wapolisi wochotsedwa ntchito, Syril Karn, wapatsidwa desiki pakati pa madesiki osawerengeka. Mwini nkhani, Cassian Andor, akumangidwa popanda mlandu weniweni ndipo woweruza wotopa akumupatsa zaka 6 m'kamphindi kochepa, boma osazindikira kuti munthu amene lamutsekera pansi pa dzina lina ndi yemweyo amene nthambi yake ina ikumusakasaka. Ku ndende ya Narkina 5 akaidi amagwira ntchito molimbika chifukwa aliyense amaona masiku ake otsala akuwerengedwa pa khoma la chipinda chake, kufikira tsiku limene mkaidi amene anayenera kumasulidwa akubwezedwa molakwika m'gawo lina la ndende yomweyo, zimene zikuulula kuti palibe amene amatuluka. Oyang'anira akupha gawo lonselo pofuna kubisa cholakwacho, mbiri yake ikufalikira kwa akaidi ena, ndipo amuna pafupifupi 5,000 amene ankasungidwa ndi alonda ochepa akuukira n'kuthawa.